Mlandu Suola

Pakhonde la khoti la majisitireti pa Mulanje Boma, m'mawa wa tsiku la ntchito mumapeza anthu atakhala, kudikira kuti maina awo aitanidwe. Wina waberedwa mbuzi, wina akulimbirana malire a munda ndi mlamu wake, wina mwamuna anamuthawa n'kumusiyira ana atatu popanda chithandizo. Amayi amakhala chapansi, miyendo atatambasula, kalata ya amfumu ataipinda kanayi n'kuimangirira pansonga ya chitenje. Akauzidwa kuti mlandu waimitsidwa, abwerenso mwezi wamawa, amadzuka, kusansa fumbi, n'kudzitonthoza ndi mawu a makolo: mlandu suola.

Mwambiwu ndinaukonda ndili mwana, chifukwa umalimbitsa mtima wa munthu wopanda mphamvu. Umamuuza kuti wokulakwira ngakhale athawire ku Joni, ngakhale mvula igwe kakhumi, tsiku lidzafika loti akhale pabwalo ayankhe. Nsomba imaola, chinangwa chimavunda, mlandu ayi. Koma nditakula ndinayamba kuufunsa mwambiwu funso limodzi. Mlandu umene sunalembedwe m'kaundula aliyense, umene palibe mfumu inaumvapo, umakhala kuti zaka zonsezo? Chinthu chosaola chimafuna poika. Alipo amene akuchisunga.

Wosungayo ndinamuona m'nyumba ya siwa, pamaliro a azakhali anga, m'mudzi wina chakufupi ndi Chitakale. Unali mwezi wa Juni, chiperoni chitaphimba phiri lonse, kuzizira kolowa m'mafupa. Amuna anali panja kuwotha moto. Ife amayi tinali titapanikizana pamphasa, ndipo kwaya itatopa, tambala woyamba asanalire, m'nyumbamo munangotsala kutsokomola ndi manong'onong'o. Pambali panga panali anganga ena amene ndinawadziwa kuyambira ndili wamng'ono, ogulitsa kalongonda ndi chinangwa chophika pamsika. Tonse tinkadziwa kuti kwawo ndi ku Vila, kutsidya kwa malire ku Mozambique, ndipo kuti anabwera nthawi ya nkhondo n'kukwatiwa konkuno. Usiku umenewo ankangodzisisita pakhosi.

"Layambanso khosi lija?" anawafunsa mnzawo.

"Kukazizira chonchi limakumbuka malata."

Ine ndinafunsa kuti malata ake ati. Anandiyang'ana kanthawi, ngati akundiyeza msinkhu, kenako anayamba kufotokoza motsitsa mawu. Matsanga atalowa kwawo anatola amayi ndi atsikana onse amene anawapeza. Anakanganula malata m'nyumba za anthu ndi m'masitolo, kuwamanga atatuatatu ndi luzi, n'kuwatwika amayiwo. Nkhata ankapota okha ndi masamba ouma a nthochi. Lata silolemera kwambiri ukalinyamula pabwalo pako, anatero, koma ukayenda nalo tsiku lonse m'tchire, mphepo ikaliwomba limakupotokola khosi ngati nkhuku yokaphedwa. Likakola munthambi umagwa chagada. Ukagwa, chibakera cha mfuti pamsana. Wolephera kudzuka ankamusiya pomwepo, ndipo onse ankadziwa tanthauzo la kumusiyako.

"Dzuwa likalowa katundu tinkatula," anatero, "koma ntchito sinkathera pomwepo."

Analekera pamenepo. Palibe anafunsa kuti ntchito yanji, chifukwa m'nyumbamo munalibe mwana. Mayi wina anangovula chitenje chake chapamwamba n'kuwafunditsa kumapazi. Patapita kanthawi anganga aja anawonjezera: "Amati mutu umodzi susenza denga. Ine, mwananga, ndinalisenza."

Nkhondo imene ankanenayo eni ake amaitcha nkhondo ya zaka 16, ya pakati pa boma la Frelimo ndi gulu la Renamo, ndipo inatha mu 1992 itapha anthu pafupifupi miliyoni imodzi, kuwerengera ndi ofa ndi njala. Dzina loti Matsanga linachokera kwa mtsogoleri woyamba wa Renamo, André Matsangaissa. Kwa ife a ku Mulanje chaka chosaiwalika ndi 1986. Pa 11 Seputembala chaka chimenecho, Samora Machel, Kenneth Kaunda ndi Robert Mugabe anafika ku Blantyre kudzamuuza Kamuzu pamaso kuti dziko lake likusunga a Renamo, zimene boma lathu linkakana. Patangopita masabata ochepa, Renamo inasesa maboma a m'malire ku Zambezia ndi ku Tete, tawuni ya Milange n'kugwa. Pa 19 Okutobala Machel anafa pangozi ya ndege ku Mbuzini. Anthu anakhamukira ku Muloza, mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera pano paboma, ena ku Chiringa, kumene nthawi imeneyo kunali kudakali m'boma la Mulanje. Ena ankafika atavala masaka, ena makungwa a mitengo. Pofika 1992, othawa nkhondo m'Malawi muno anali oposa miliyoni imodzi.

Tinawalandira, ndipo zimenezo n'zonyaditsa. Ambiri anali abale athu enieni, Alomwe ndi Amang'anja olekanitsidwa ndi mtsinje wa Muloza kapena wa Ruo basi. Koma pali mbali ina imene sitikonda kuikumbuka. Katundu wolandidwa kutsidyako ankawolokera kuno, kusinthanitsidwa ndi mchere, sopo ndi shuga: njinga, makina osokera, mawailesi, malata. Kuyambira usiku wa pasiwa uja, ndikaona nyumba yakale ya malata adzimbiri m'midzi ya kumalire, mtima umandigunda. Mwina denga limene wina wa ife anabisalamo mvula linabwera pamutu pa mayi. Ndiye kuti mlanduwu si wa kutsidya kokha.

Zimene ankakumana nazo amayi sizinali chinsinsi ngakhale nthawi imeneyo. Mu Epulo 1988, Robert Gersony anapereka lipoti ku boma la America atacheza ndi othawa nkhondo pafupifupi 200 m'maiko angapo, kuphatikizapo kuno. Analemba za anthu osenzetsedwa katundu mpaka kufa, za amayi ndi atsikana ogwiriridwa, ndipo anayerekeza kuti Renamo inali itapha anthu wamba osachepera 100,000. Asilikali a boma nawo sanali oyera m'manja. Amayi ambiri anazunzika ndi mbali zonse ziwiri. Dziko linamva. Chomwe sichinachitike n'choti amayiwo aitanidwe pamene nkhani inafika pokambirana.

Zokambirana za mtendere zinayamba mu Julaye 1990 ku Rome, kunyumba ya gulu la Akatolika la Sant'Egidio, ndipo zinatenga zaka ziwiri ndi miyezi. Nthumwi za boma ankazitsogolera ndi Armando Guebuza, za Renamo ndi Raul Domingos. Ankhoswe anali anayi: Mario Raffaelli, Andrea Riccardi, wansembe Matteo Zuppi ndi Arkiepiskopi Jaime Gonçalves wa ku Beira. Pa 4 Okutobala 1992, Joaquim Chissano wa boma ndi Afonso Dhlakama wa Renamo anasaina. Werengani mainawo kachiwiri. Anakambirana za zipani, za chisankho, za gulu limodzi la asilikali, za kubwerera kwa othawa. Mwezi womwewo nyumba ya malamulo ku Maputo inakhazikitsa lamulo lokhululukira onse pa milandu ya nkhondoyo. Sipanakhale bwalo lozenga aliyense, sipanakhale bungwe lofufuza zoona.

Sindikufuna kuwanyoza amene anasankha njira imeneyi. Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo mu 1992 mkhatewo unali dziko lotopa, lanjala, pakati pa chilala choopsa chimene ifenso tinachiona chaka chimenecho. Kuponya mwala kukanaswa mkhate. Mbali zonse zinali ndi magazi m'manja, ndipo palibe akanatula mfuti akudziwa kuti mawa amangidwa. Mtenderewo unabweza anthu pafupifupi 1.7 miliyoni kwawo kuchokera m'maiko oyandikana, ndipo mu Okutobala 1994 anavota. Anganga aja nawonso amati tsiku limene anamva pawailesi kuti nkhondo yatha analulutira mpaka mawu kusasa. Chimene chimandipweteka n'chakuti chikhululukiro chinaperekedwa ndi olakwa kwa olakwa anzawo. Kwathu kuno, mbuzi yako ikadya chimanga cha mnzako, sungapite kwa mwini ng'ombe imene inadyanso m'munda womwewo kukagwirana naye chanza n'kunena kuti nkhani yatha. Wokhululuka ndi mwini munda.

Ndiye panabwera kuwerenga anthu oti athandizidwe. Asilikali oposa 90,000 a mbali zonse anachotsedwa usilikali moyang'aniridwa ndi bungwe la United Nations. Aliyense analandira khasu, mbewu, thiransipoti yopita kwawo, ndi ndalama kwa zaka ziwiri. Mwa amenewa, amayi sanakwane awiri pa 100 alionse. Chiphaso cholowera pamzerewo chinali kudziwika kuti unali msilikali. Mtsikana amene anagwidwa ali ndi zaka 13, n'kukhala kumsasa wa nkhondo zaka zisanu akuphika, akusenza zipolopolo, akugonedwa ndi amene wamufuna, ankalembedwa ngati mkazi wa msilikali, ngati walembedwa n'komwe. Wowombera analipidwa kuti asiye kuwombera. Wosenza sanalipidwe, chifukwa panalibe amene ankamuopa. Ngakhale pangano lina la mtendere, la pa 6 Ogasiti 2019 pakati pa Filipe Nyusi wa boma ndi Ossufo Momade wa Renamo, linayenda m'khwawa lomwelo: mwa anthu 5,221 a Renamo amene anatula zida, amayi anali 271.

Kumidzi anthu anapeza njira zawo. Katswiri wa za chikhalidwe wa ku Mozambique, Alcinda Honwana, analemba za miyambo yosambitsa obwerera kunkhondo: zovala za kutchire kuziwotcha, munthu kumusambitsa mankhwala kumtsinje, n'kumuuza kuti achoke osacheuka ndipo za kumeneko asadzazitchulenso, kuopa kuitana mizimu yoipa. Miyamboyi inathandiza ana ambiri kulandiridwanso pakhomo, ndipo sindiichepetsa. Koma mankhwala otseka pakamwa amakomera kwambiri amene ali ndi zobisa. Ndipo taonani zimene zinachitika ku Gorongosa patapita zaka zingapo. Wofufuza wina, Victor Igreja, anapeza kuti kwabuka mizimu yatsopano yotchedwa magamba, imene anthu amati ndi ya asilikali ofera kunkhondo. Kawirikawiri imagwira amayi. Mayi akagwidwa amalankhula ndi mawu a msilikali, pamaso pa abale ake onse, kuulula zimene zinachitika: ndani anapereka mwana wake wamkazi kwa asilikali kuti iye apulumuke, ndani anapha, ndani anadya za wakufa. Mzimuwo suchoka mpaka abale avomere ndi kulipa. Kaya mumakhulupirira mizimu kaya ayi, nkhani yake ndi yomweyi ya mwambi wathu. Mlandu unatsekeredwa pakhomo la nyumba ya malamulo, unakatulukira pakamwa pa mayi wodwala. Ndipo ngakhale pamenepo, kuti amvedwe, anayenera kubwereka mawu a mwamuna wakufa.

Wina anganene kuti bola kukanakhala bungwe lofufuza zoona ngati la ku South Africa. Koma kumenekonso anaphunzira kuti kutsegula chitseko sikokwanira. Oposa theka la amene anapereka umboni ku bungwe la Desmond Tutu anali amayi, koma ambiri ankakamba za mwamuna amene anaphedwa, za mwana amene anasowa, za iwo eni osatchula. Zinatengera amayi omenyera ufulu kudandaula kuti pakonzedwe masiku apadera a amayi okhaokha ku Cape Town, ku Durban ndi ku Johannesburg. Ku khoti la ku Arusha, pamlandu wa Jean-Paul Akayesu, meya wa ku Taba m'dziko la Rwanda, zogwiririra sizinali pamndandanda wa milandu poyamba. Mboni ina inangotchula modutsa kuti mwana wake wa zaka zisanu ndi chimodzi anagwiriridwa. Pakati pa oweruza atatu panali mayi mmodzi, Navanethem Pillay, ndipo nkhaniyo sanailole kudutsa, anafunsitsa. Milandu inawonjezedwa, ndipo pa 2 Seputembala 1998 khotilo linagamula koyamba m'mbiri kuti kugwiririra kungakhale njira yofafanizira mtundu wa anthu. Mu 2008 khoti lapadera la ku Sierra Leone linanena kuti kukwatira mkazi mokakamiza pankhondo ndi mlandu paokha. Mawu oti "mkazi wa msilikali" anavulidwa chigoba, n'kuoneka chimene ali.

Nchifukwa chake ndikamamva anthu akunena za kuika amayi m'makomiti a mtendere ngati nkhani yongokwaniritsa chiwerengero, ndimakumbuka mayi uja anavula chitenje n'kufunditsa mnzake kumapazi. Anamva chiganizo chosamalizidwa. Amene anakhalapo m'nyumba ya siwa, pamtondo, pachitsime, kapena kutsimba kwa anankungwi, amadziwa kuti mayi akati "anandilakwira" kapena "ntchito sinkatha", wanena zonse. Amadziwanso pofunsa ndi polekera, pakuti fupa lokakamiza limaswa mphika. Chigamulo 1325 cha United Nations cha pa 31 Okutobala 2000, chonena kuti amayi azikhala nawo pokambirana za mtendere, chinangolemba papepala nzeru imene amayi a kuno ali nayo kale. Kuno n'kwa chikamwini. Munda ndi wa mayi, mudzi ndi wa mbumba, ndipo mafumu aakazi si achilendo. Komabe pabwalo timayembekeza kuti mwinimbumba ndiye amulankhulire mlongo wake. Nanga mlongo angamuuze bwanji mchimwene wake zimene zinkachitika dzuwa likalowa?

Tisaloze chala kutsidya kokha. Ife sitinamenye nkhondo yapachiweniweni, koma tinali ndi zaka 30 za chipani chimodzi, ndipo zinasiya zipsera pamatupi a amayi. A Mboni za Yehova ataletsedwa mu 1967 chifukwa chokana kugula makadi a chipani, anamenyedwa, nyumba zawo kutenthedwa, amayi awo ambiri kugwiriridwa ndi anyamata a chipani, mpaka zikwizikwi kuthawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Vera Chirwa anagwidwa mu Disembala 1981 n'kutuluka m'ndende mu Januwale 1993, mwamuna wake Orton atafera ku ndende ya Zomba. Malamulo a dziko a 1994 anakhazikitsa National Compensation Tribunal kuti ipereke chipukutamisozi, n'kuipatsa zaka khumi. Anthu oposa 20,000 analembetsa. Mu 2017 ofesi ya Ombudsman, ikutsogozedwa ndi Martha Chizuma, inatulutsa lipoti losonyeza kuti bwaloli linatsekedwa ambiri mwa iwo asanalandire zonse zimene ankayenera. Amenewo ndi amene anali ndi choti alembetse: kalata yochotsedwa ntchito, zaka za m'ndende, katundu wolandidwa. Mayi amene anagwiriridwa m'munda mwa chimanga mu 1972 akanatenga pepala lanji? Akanakaliwerenga pamaso pa ndani, mwamuna wake ali pakhomo kudikira?

Kuti zingatheke tinaona mu 2020, pamene amayi ndi atsikana 18 a ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu, mothandizidwa ndi bungwe la maloya aakazi, anapambana ku High Court mlandu wokhudza nkhanza zimene apolisi anawachitira mu Okutobala 2019. Analankhula chifukwa panali amayi anzawo ophunzira malamulo amene anapita kukakhala nawo pansi. Tsopano tili ndi lamulo la 2022 lokhazikitsa bungwe la mtendere ndi umodzi, lokhala ndi makomiti m'maboma. Ndikanakonda komiti yotere, m'boma la malire ngati lino, isamangodikira zipolowe za chisankho. Ikanatuma amayi odziwa Chilomwe ndi Chichewa kukakhala pamphasa ku Muloza, ku Limbuli, kwa Njema, osanyamula fomu, kuti amene akufuna kunena anene, amene sakufuna asiyidwe. Ikanafunsa amayiwo chimene iwo akuchitcha chilungamo, m'malo mowasankhira.

Pakuti anganga aja ali pakati pa mabuku awiri otseka. La ku Mozambique linatsekedwa ndi chikhululukiro cha 1992. La kuno linali la olakwiridwa ndi boma la Malawi basi. Makolo anati mlendo ndi mame, ndipo anzawo ambiri anakamukadi, kubwerera kwawo pofika 1995. Iwo anatsala, ndipo pa mbali zonse za mtsinje palibe ofesi imene ikudziwa kuti ali ndi mlandu. Mlanduwo sunaole. Uli m'khosi mwawo, umadzuka mwezi wa Juni uliwonse. Koma mboni imakalamba. Mtsikana amene anali ndi zaka 20 mu 1986 lero ndi gogo, ndipo anzake amene anasenza nawo tikuwaika m'manda mmodzimmodzi, mwambo wa maliro n'kutha popanda wotchula zimene anaona.

Patapita miyezi ingapo ndinawapeza pamsika madzulo, akulongedza. Ndinagula kalongonda wotsala, n'kukhala nawo pansi, n'kuwapempha ngati ndingalembe zimene ananena usiku uja.

"Lemba," anatero. "Koma dzina langa usalembe, mudzi usalembe. Mwana wanga wachisamba amadziwa kuti bambo ake anafera kunkhondo. Zikhale choncho."

Ndinawafunsa chimene akanafuna, akanakhala kuti alipo wowafunsa. Ndinkaganiza kuti atchula ndalama, kapena kuti anthu aja amangidwe. Anayamba apukuta manja pachitenje.

"Amene anandichita zija mwina anafa kalekale, nkhope zawo sindingazidziwenso. Ndalama ndingaikane ngati? Ndingakaonetse khosili kwa dokotala wa mafupa ku Blantyre. Koma chachikulu, mwananga, wamkulu wina aime pagulu, kaya wa kuno kaya wa kwathu, anene kuti amayi amene munatengedwa aja simunalakwe, olakwa ndi ife. Anene pawailesi, mwamuna wanga amve asanafe. Zaka zonsezi sanandifunsepo, inenso sindinamuuzepo, koma akakwiya amanditcha mkazi wa Matsanga."

Mdzukulu wawo, mtsikana wa Sitandade 7, anafika kudzawatenga. Anapinda kansalu mozungulira dzanja lake, kupanga nkhata, n'kuiika pamutu. Ndinamuthandiza kumutwika beseni. Agogo ake anasiya kalekale kusenza chilichonse, ngakhale ndowa ya madzi. Ananyamuka, mtsikana patsogolo, iwo pambuyo ndi ndodo yawo. Atafika pamsewu waukulu wopita ku Muloza anaima kuti awoloke, ndipo poyang'ana magalimoto anatembenuka thupi lonse kumanja, kenako thupi lonse kumanzere.